Mmene Madzi ndi Chakudya cha Mbewu Zimalowera M'mizu: Phunziro Lochokera ku Madimba a ku Johannesburg

Mlangizi aliyense amene wagwirapo ntchito ndi alimi a m'madimba adakumanapo ndi funso ili: n'chifukwa chiyani mbewu ikufota pamene dothi ndi lonyowa? Mlimi wathirira m'mawa, feteleza adathira sabata yatha, mizu ilibe mphutsi kapena chiswe, koma pofika masana masamba alefuka ngati kwachita ng'amba. Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti mlimiyo awonjezere madzi kapena feteleza. Nthawi zina yankho limeneli ndilo limatsiriza mbewuyo.

Gwero la vutoli lili pa chinthu chaching'ono chosaoneka ndi maso, ndicho nembanemba imene imakuta selo lililonse la muzu. Muzu sumangomwa chilichonse chimene wapeza m'dothi monga mmene nsalu imamwera madzi. Madzi, nayitrojeni, fosiforasi ngakhalenso poizoni, chilichonse chili ndi njira yake yodutsira pa nembanemba, ndipo njirazo zimatha kutsekeka, kubwerera m'mbuyo kapena kunyengedwa.

Zitsanzo zambiri m'phunziroli zatengedwa ku Johannesburg m'dziko la South Africa, mzinda umene Amalawi akhala akuutchula kuti Joni kuyambira masiku a Wenela, pamene amuna zikwizikwi ankapita kukakumba golide. Masiku ano Amalawi ambiri kumeneko amasamalira maluwa ndi kapinga m'makomo a anthu, ndipo ena, pamodzi ndi eni dziko, amalima ndiwo zamasamba pa timalo ta m'mbali mwa mzinda. Mzindawu ndi woyenera kuphunzirapo chifukwa mavuto atatu amene kwina amapezeka padera, ndiwo mchere, asidi ndi zitsulo za poizoni, kumeneko amatha kupezeka m'ngalande imodzi.

Khoma ndi nembanemba

Selo la mbewu lili ndi zotchinga ziwiri. Kunja kuli khoma lopangidwa ndi timaulusi tolimba. Khomali lili ngati mpanda wa bango: limachirikiza selo, koma madzi ndi zonse zosungunuka m'madzimo zimadutsa mosavuta. Kuseri kwa khoma ndi kumene kuli nembanemba, ndipo ntchito yosankha cholowa ndi chotsala kunja imachitika pamenepa. Nembanemba ndi yopyapyala kotero kuti zitasanjikizana 10,000 m'pamene zingayandikire kuchindikala kwa pepala limodzi.

Nembanemba ndi yopangidwa ndi mizere iwiri ya mafuta, ndipo m'mafutamo mumayandama mapuloteni a mitundumitundu. Amene adafotokoza bwino za kapangidwe kameneka ndi S. J. Singer ndi Garth Nicolson m'chaka cha 1972. Aliyense amene adaphikapo akudziwa kuti mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Pa chifukwa ichi, michere yosungunuka m'madzi siingathe kuboola mafuta a nembanemba payokha. Zimene zimadutsa popanda chithandizo ndi mpweya monga okosijeni, kaboni dayokisaidi ndi amoniya. Zimenezi zimayenda mofalikira, kuchoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa, monga mmene fungo la usipa wokazinga limachokera kukhitchini n'kudzaza pabwalo ponse popanda wolinyamula. Zina zonse zimafuna khomo, ndipo makomo ake ndi mapuloteni aja.

Madzi a m'dothi amatha kulowa m'muzu podzera m'makoma a maselo osakhudza nembanemba, koma ulendowu sufika patali. M'katikati mwa muzu muli mzere wa maselo amene makoma ake adamatidwa ndi kalamba kosalola madzi kudutsa, kamene Robert Caspary adakaona m'chaka cha 1865. Zikafika pamenepa, zonse zimakakamizika kudutsa pa nembanemba zisanalowe m'mitsempha yopita kumasamba. Choncho pafupifupi madzi onse ndi michere yonse yopezeka m'tsamba la mpiru kapena m'njere ya chimanga zidayamba zaloledwa ndi nembanemba ya muzu.

Madzi amatsata mchere

Madzi amadutsa pa nembanemba kuchoka mbali imene ili ndi zosungunuka zochepa kupita mbali imene ili ndi zosungunuka zambiri. Kayendedwe kameneka kamatchedwa osimosisi. Jean-Antoine Nollet wa ku France adakaona m'chaka cha 1748 pogwiritsa ntchito chikhodzodzo cha nkhumba, ndipo Wilhelm Pfeffer wa ku Germany adayeza mphamvu yake m'chaka cha 1877. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti madzi amangosefukira m'mafuta a nembanemba, kufikira m'chaka cha 1992 pamene Peter Agre ndi anzake adaonetsa kuti pali mapuloteni apadera okhala ndi kabowo kodutsa madzi. Mapuloteniwa amatchedwa aquaporin, ndipo ntchito imeneyi idapatsa Agre mphoto ya Nobel m'chaka cha 2003. Chimanga chili ndi mitundu ya timakomo ta madzi timeneti yoposa 30. Chofunika kwa mlangizi ndi chakuti timakomoti timatseguka ndi kutsekeka malinga ndi mmene zinthu zilili pa muzu, mfundo imene ibweranso m'munsimu.

M'kati mwa selo la muzu muli shuga, potaziyamu ndi zina zambiri zosungunuka, kuposa mmene zilili m'madzi a m'dothi labwino. Madzi amalowa, selo limafufuma, nembanemba n'kukanikiza khoma monga mmene chubu cha njinga chimakanikizira tayala. Kufufuma kumeneku ndiko kumaimiritsa tsamba ndi kukulitsa nsonga ya muzu. Madzi a m'dothi akayamba kuchuluka mchere, kusiyana kwa kunja ndi m'kati kumachepa, madzi amalowa pang'onopang'ono, ndipo mbewu imakhala ndi ludzu ili m'chinyezi. Mchere wa kunja ukaposa wa m'kati, madzi amatuluka m'muzu kupita m'dothi.

Alimi amazidziwa kale zimenezi ngakhale sazitchula dzina. Mayi akawaza mchere pa kabichi woduladula, posakhalitsa pansi pa mbale pamakhala madzi. Msodzi akathira mchere pa nsomba yong'amba, madzi amatuluka m'mnofu ndiponso m'tizirombo towoletsa, nsomba n'kusungika. Pa msonkhano wa alimi mlangizi angathe kuonetsa mfundoyi ndi mbatata ya kachewere imodzi. Adule timizere tofanana kutalika kwake, tina aviike m'kapu ya madzi oyera, tina m'kapu ya madzi osungunuliramo masupuni awiri a mchere, tina m'kapu ya madzi osungunuliramo masupuni awiri a feteleza wa CAN kapena yureya. Pakatha ola limodzi, ta m'madzi oyera timakhala tolimba tothyoka ndi phokoso, pamene ta m'makapu awiri enawo timakhala tolobodoka. Kapu yachitatuyo ndiyo imadabwitsa alimi.

Chichewa sichilakwa potchula chakudya cha mbewu kuti michere, pakuti feteleza wambiri ndi mchere ndithu, ndipo ngakhale yureya, amene si mchere weniweni, amakoka madzi chimodzimodzi. Feteleza akathiridwa mokhudzana ndi njere kapena tsinde, kapena akathiridwa m'dothi louma mvula n'kudula, madzi ochepa ozungulira mibulu yake amakhala okhathamira kwambiri, ndipo timizu tanthete timaphwa madzi n'kufa. Uku ndiko kupsa kwa mbewu kumene alimi amanena. Yureya amawonjezera vuto lina: akamasungunuka amatulutsa amoniya, amene amadutsa pa nembanemba popanda khomo ndi kupha nsonga za mizu. Lamulo lodziwika lakuti feteleza wokulitsa aikidwe pafupifupi masentimita 5 kumbali ndi masentimita 5 kunsi kwa njere lidachokera pa chifukwa chimenechi, ndipo silofunika kulifupikitsa pofuna kumaliza msanga ntchito.

Madzi a m'migodi ya Witwatersrand

Golide adapezeka pa Langlaagte m'chaka cha 1886, ndipo mzinda wa Johannesburg udakula pamwamba pa mzere wa migodi wochokera ku Randfontein kumadzulo kukafika ku Springs kummawa. Mwala umene muli golide ulinso ndi mwala wina wonyezimira wotchedwa pyrite, wopangidwa ndi ayironi ndi salufa, komanso yureniyamu pang'ono. Pyrite akakhala pansi pa nthaka osakhudzidwa alibe vuto. Akaswedwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi, amatulutsa asidi wa mtundu womwe uja wa m'mabatire a galimoto, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo za m'miyala.

Pamene migodi inkagwira ntchito, madzi ankapopedwa kuti anthu athe kukumba. Migodi itayamba kutsekedwa, mapanga ake adayamba kudzaza. M'chaka cha 2002 madzi a asidi adatumphukira kunja pafupi ndi Krugersdorp ndi Randfontein n'kulowa mu mtsinje wa Tweelopiespruit. Boma lidakhazikitsa komiti ya nduna yoona za vutoli m'chaka cha 2010, ndipo malo akuluakulu oyeretsera madziwa adatsegulidwa ku Germiston m'chaka cha 2014 ndi ku Springs m'chaka cha 2016. Kuyeretsa kwake ndi kothira laimu. Laimu amapha asidi ndi kudikhitsa pansi ayironi ndi zitsulo zina zambiri, koma mchere wa salufa wambiri umatsala m'madzi. Madzi otere amatsikira mu mitsinje ya Klip ndi Blesbokspruit kukafika mu Vaal. Kwa zaka zambiri oyang'anira madzi akhala akutsegula madzi abwino a m'damu la Vaal pofuna kuti mchere wa kumunsi usapitirire mamiligalamu 600 pa lita, chifukwa kumunsiko kuli mizinda ndiponso minda yothirira ya Vaalharts. Ndiye kuti madzi oyera amene akadamwedwa amagwiritsidwa ntchito yosukulutsa mchere.

Milu ya zotsalira za m'migodi ilipobe m'mbali mwa Soweto, ku Riverlea ndi malo ena. Mvula ikagwa, madzi otsika m'milumo amalowa m'timitsinje ndi m'madambo, ndipo m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala mphepo imauluzira fumbi lake m'makomo ndi m'minda. Mlimi wa dimba loyandikana ndi mulu wotere amatunga madzi ooneka ngati ena onse, kapena ofiirira pang'ono. Nyengo yachisanu, pamene mvula kulibe, madzi a m'dothi akamauma mchere umatsala pamwamba ngati phulusa loyera. Mbewu zake zimamera mwapatalipatali, zimapinimbira, masamba amakhala obiriwira modera ndi opsa m'mphepete. Mlimi akaona kupinimbirako amathira feteleza wina, amene ndi mchere winanso pamwamba pa mchere.

Mchere wa m'dothi ndi m'madzi umayezedwa ndi kachipangizo koona mmene magetsi akudutsira, ndipo muyezo wake ndi dS/m. Muyezo wa 1 dS/m ndi pafupifupi mamiligalamu 640 a mchere pa lita. Mu 1977 E. V. Maas ndi G. J. Hoffman a ku United States adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa mbewu zambiri, ndipo manambala awo akugwiritsidwabe ntchito. Nyemba zimayamba kutsika zokolola mchere wa m'dothi ukangopitirira 1.0, ndipo pa muyezo uliwonse wowonjezera zimataya magawo 19 pa 100 alionse. Chimanga chimayambira pa 1.7 ndipo chimataya magawo 12. Anyezi amayambira pa 1.2, kabichi pa 1.8, tomato pa 2.5, bitiruti pa 4.0, pamene mapira amapirira mpaka 6.8 ndipo thonje mpaka 7.7. Motero dothi la muyezo wa 4, limene thonje silingalidandaule n'komwe, lingathe kulanda mlimi wa nyemba zoposa theka la zokolola zake. Mlangizi wa ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere, kapena wa m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, ayenera kukhala ndi manambalawa pamtima asanalimbikitse mbewu iliyonse m'dimba.

Komabe michere yonse si yofanana. Madzi a m'migodi othiridwa laimu amachuluka kashiyamu ndi salufa, zimene pamodzi zimapanga jipisamu. Jipisamu sasungunuka kwambiri: akapitirira pafupifupi magalamu 2 pa lita, wotsalayo amauma n'kukhala m'dothi osakokanso madzi. Akatswiri a pa University of Pretoria akhala akuyesa kuthirira chimanga, tirigu ndi mbewu zina ndi madzi otere kuyambira zaka za m'ma 1990 pa migodi ya malasha ya kufupi ndi eMalahleni, ndipo mbewu zidabereka bwino. Zotsatirazi ndi zolimbikitsa, koma zikunena za madzi ochotsedwa asidi ndiponso oyezedwa kawirikawiri. Sizipereka chilolezo chothirira ndiwo ndi madzi a m'ngalande yotsika pa mulu wa mgodi.

Chakudya chimalowa ndi mphamvu

Madzi amalowa m'muzu popanda mbewu kuwononga mphamvu. Chakudya ndiye ayi. Potaziyamu m'kati mwa selo amakhala wochuluka kuwirikiza ka 100 kapena kuposa poyerekeza ndi wa m'madzi a m'dothi, ndipo fosiforasi amatha kuwirikiza ka 1,000. Pakadakhala kufalikira kokha, chakudyachi chikadatuluka m'muzu kubwerera m'dothi. Mbewu imachikokera m'kati mokwera mtunda, ndipo ntchito imeneyi imalira mphamvu.

Pa nembanemba pali timapampu tamapuloteni timene timatulutsira kunja tizigawo ta haidrojeni tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Timapamputi timayendera mphamvu yochokera ku shuga amene masamba apanga, ndipo shugayo amatulutsa mphamvu yokwanira pokhapokha muzu ukamapuma okosijeni. Kupopa kumeneku kumachititsa kuti kunja kwa nembanemba kukhale kwa asidi pang'ono, ndiponso kuti pakati pa kunja ndi m'kati pakhale kusiyana kwa magetsi kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a batire la tochi. Zili ngati kupopera madzi m'thanki ya pamwamba: madziwo akamatsika amatha kugwira ntchito zina. Potaziyamu amakokedwa ndi magetsiwo kudzera m'timakomo take. Nayitreti, fosifeti ndi salufeti zimalowa podzera m'mapuloteni onyamula, amene amalowetsa chakudyacho pamodzi ndi haidrojeni wobwerera m'kati. Emanuel Epstein adaonetsa m'chaka cha 1963, pogwiritsa ntchito mizu ya barele, kuti muzu uli ndi njira ziwiri zotengera potaziyamu: ina yogwira ntchito chakudya chikachepa, ina chikachuluka. Njira iliyonse ili ndi malire ake. Onyamula onse akatanganidwa, kuwonjezera feteleza sikufulumizitsa kanthu. Wotsalayo amangokokoloka ndi madzi kapena kuwotcha mizu.

Apa m'pamene pali yankho lachiwiri la funso la mbewu yofota m'dothi lonyowa. Okosijeni amayenda m'madzi mochedwa kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mu mpweya. Dothi likamira kwa masiku awiri kapena atatu nyengo yotentha, mizu ndi tizilombo ta m'dothi zimamaliza okosijeni yense. Timapampu timafooka, chakudya chimaleka kulowa, ndipo timakomo ta madzi tija timatsekeka. Mbewu imafota ili m'thamanda, kenako masamba a m'munsi amachita chikasu. Walira mvula walira matope. Mlimi akathira yureya pofuna kuchiza chikasucho amataya ndalama, pakuti muzu wosapuma sungadye, ndipo nayitrojeniyo amathawira mumlengalenga. Mankhwala ake ndi ngalande ndi mizere yokwera. Mpunga umapirira chifukwa uli ndi timipata ta mpweya tochokera kumasamba kufika kumizu. Nyemba, tomato ndi fodya zilibe mwayi umenewu.

Kuzizira kumachitanso zofanana. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu. M'dothi lozizira mafuta a nembanemba amalimba, mizu imapuma pang'onopang'ono, ndipo mbande zimaonetsa masamba ofiirira a kusowa fosiforasi ngakhale fosiforasiyo ali m'dothi. Kukafunda, mtunduwo umatha wokha. Alangizi a ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu amaziona zimenezi m'chimanga cha m'madimba a m'nyengo yozizira.

Makomo amanyengeka

Khomo la pa nembanemba limazindikira chinthu poona kukula kwake ndi mphamvu yake ya magetsi. Chinthu china chikafanana ndi chofunikacho pa ziwirizi, chimalowa nawo. Sodiyamu amalowera m'makomo ena amene amadutsa potaziyamu, ndipo akadzadza m'masamba amasokoneza ntchito zimene potaziyamu amagwira. N'chifukwa chake masamba akale amapsa m'mphepete. Kashiyamu amalimbitsa nembanemba ndi kuchepetsa kulowa kwa sodiyamu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zothirira jipisamu m'dothi la sodiyamu. Kadimiyamu, chitsulo chimene chimawononga impso za munthu, amalowera pa makomo a zinki, ayironi ndi manganizi. Aseniki amalowera pa makomo a fosifeti, ndipo mu mpunga wa m'madzi amalowera pa makomo a silikoni.

Pa mfundo imeneyi pali zinthu ziwiri zimene mlangizi angathe kusintha. Mbewu yosowa zinki kapena ayironi imachulukitsa makomo a zakudyazo pa mizu yake, motero imatsegulira kadimiyamu njira zambiri. Ndiponso dothi la asidi limamasula zitsulo zimene m'dothi lopanda asidi zikadakanirira ku dongo ndi ku manyowa. Laimu, manyowa owola bwino ndi zinki wokwanira zimachepetsa zitsulo zolowa m'mbewu, ngakhale kuti sizichotsa zitsulozo m'dothi. Kusankha mbewu n'kofunikanso: ndiwo zamasamba monga sipinachi ndi letesi, komanso fodya, zimasunga kadimiyamu wambiri m'masamba kuposa mmene chimanga chimasungira m'njere. Choopsa n'chakuti mbewu ingathe kuoneka yathanzi ili ndi chitsulo choposa muyezo woyenera munthu. Maso a mlangizi sangathandize pano.

Sikuti poizoni yense amadzera pa nembanemba. Mtovu wa lead ndi yureniyamu zimakanirira kwambiri m'mizu ndipo zochepa ndizo zimakwera kumasamba, koma fumbi lake limamatira pamwamba pa ndiwo, makamaka za masamba aubweya monga nkhwani. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa lead ndi zinki udatsekedwa m'chaka cha 1994, fumbi ndi dothi ndizo zakhala njira yaikulu yofikitsira poizoni kwa ana. Kutsuka ndiwo kawiri kapena katatu m'madzi abwino kumachotsa fumbi lambiri, koma sikufika pa chimene chidalowa kale m'selo.

Asidi ali ndi vuto lakelake ngakhale kutali ndi migodi. Muyezo wa pH ukatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'dongo amayamba kusungunuka. Amakanirira pa makoma ndi pa nembanemba za nsonga ya muzu, n'kulepheretsa maselo kutalika. Mlangizi akazula mbewu yotere amapeza mizu yaifupi, yonenepa, yoderako, yopanda timizu ta m'mbali. Muzu wotere sufika pansi pamene pali chinyezi, choncho mbewu imafota ng'amba ya sabata imodzi yokha. Dothi lotere limapezeka ku Mulanje, Thyolo, Bembeke, madera ena a Mzimba ndi Nkhata Bay, ndiponso kumpoto kwa Zambia. Mitundu ina ya mbewu imadziteteza pogwiritsa ntchito nembanemba yomweyo: ikamva aluminiyamu imatsegula khomo lotulutsa timadzi towawasa tofanana ndi ta m'zipatso, timene timamanga aluminiyamuyo asanafike pa muzu. Khomo lotere lidapezeka mu tirigu m'chaka cha 2004, ndipo la m'mapira lidapezeka m'chaka cha 2007 pa kafukufuku wa bungwe la Embrapa la ku Brazil ndi anzawo a ku United States. Obereketsa mbewu amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi posankha mitundu yopirira asidi.

Kunyengeka kwa makomo kuli ndi ubwino wakenso. Seleniyamu, amene thupi la munthu limamufuna pang'ono koma mbewu zambiri sizimufuna, amalowera pa makomo a salufeti. Kafukufuku wa Allan Chilimba ndi anzake, wofalitsidwa m'chaka cha 2011, adapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, pamene cha m'dothi la makande losakhala la asidi la m'chigwa cha Shire chili ndi wochuluka. M'dothi la asidi seleniyamu amakanirira ku dongo ndipo safika n'komwe pa khomo la muzu.

Mlangizi akafika pamunda

Mbewu ikafota m'dothi lonyowa, choyamba ndi kukumba, osati kulamula feteleza. Dzenje lofika m'bondo limaonetsa ngati pansi pali madzi odikha, dothi lotuwa kapena fungo la dzira lowola, zizindikiro za kusowa mpweya. Muzu wathanzi umakhala woyera ndi wolimba. Wakuda ndi wofewa wamira, waufupi ndi wonenepa ukuloza ku asidi, wopsa mbali imodzi yokha ukuloza ku mibulu ya feteleza. Pamwamba pa mizere payang'anidwe ngati pali zoyera, ndipo mlimi afunsidwe kumene amatunga madzi ndi zimene zili kumtunda kwa mtsinjewo.

Ngati vuto ndi mchere, kuthirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumaunjika mcherewo pa mizu. Pamafunika nthawi ndi nthawi kuthirira madzi abwino ochuluka kuti atsitse mchere kunsi kwa mizu, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha madziwo ali ndi kotulukira. Pothirira m'ngalande, mchere umasonkhana pamsonga pa mzere, choncho njere zibzalidwe m'mbali mwake. Kuphimbira dothi ndi udzu kumachepetsa kuuma kwa pamwamba kumene kumakweza mchere. Jipisamu ndi wa dothi la sodiyamu, laimu ndi wa dothi la asidi. Kusinthanitsa ziwirizi ndi cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri, ndipo laimu wothiridwa m'dothi la sodiyamu sathandiza kanthu.

Pamene pali chikaiko cha zitsulo, monga pafupi ndi milu ya migodi, malo otayira zinyalala kapena ngalande za m'mafakitale, dothi, madzi ndi masamba zitumizidwe kukayezedwa, chilichonse padera, m'mapepala apulasitiki ndi m'mabotolo oyera olembedwa malo ndi tsiku. Dothi litengedwe pa malo angapo a m'munda, la pamwamba mpaka masentimita 20 padera ndi la pansi pake padera, ndipo madzi atengedwe m'chilimwe pamene mchere wake wachuluka. Ku Malawi dothi limayezedwa ku Chitedze, Bvumbwe ndi Lunyangwa, ku Zambia ku Mount Makulu, ndipo ku South Africa ku nthambi yoona za dothi ndi madzi ya Agricultural Research Council ku Pretoria. Kuyeza kwa masiku onse kumaona pH ndi chakudya cha mbewu chokha, choncho kalata yotumizira inene momveka kuti akufunikanso ndi mchere, sodiyamu ndi zitsulo zakutizakuti, ndipo mlangizi ayambe wafunsa ngati malowo ali ndi zipangizo zoyezera zitsulozo. Podikira zotsatira, banja limene likudya ndiwo za m'dimba lokaikitsa lilangizidwe kubzala m'matumba kapena m'mabedi okwera odzazidwa ndi dothi lochokera kwina, ndi kuthirira ndi madzi a pampopi kapena a mvula.